Kutchaja batire la lithium ndi alternator ya motoka: relay, DC-DC kapena inveta, yabwino ndi iti kuno kwathu?

Mabatire a lithium anachuluka kuno ku Chipata kuyambira 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba malaiti n'kumapita maola ambirimbiri, anthu anayamba ndi a m'nyumba, manje ena ayamba kuwaika m'motoka. Wina wachotsa mipando yakumbuyo mu Hiace waikamo bedi ndi kafiliji kuti azipita ndi alendo ku Mfuwe, wina ali ndi Caravan yomwe amagonamo akapita kukagula soya ndi nshawa kumidzi ya ku Lundazi kapena Vubwi, ena ndi aja onyamula zokuzira mawu pa misonkhano ya mpingo. Onsewa funso lawo ndi limodzi, poti injini ikulira kale ndipo alternator ikupanga moto, bwanji osangotenga moto womwewo n'kudzazira batire lakumbuyo? Zimatheka ndithu. Koma njira zake zilipo zingapo, ndipo yotchipa kwambiri ndi yomwe imapha alternator.

Choyamba mumvetse khalidwe la batire limeneli, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Batire la asidi lomwe tinazolowera limadziletsa lokha, likakhala lopanda moto limakoka kwambiri kwa mphindi zochepa kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono, alternator n'kupuma. La lithium, ndikunena la LiFePO4 lolembedwa 12.8V, silitero. Lili ngati ng'ombe yomwe yachokera kolima mu Okutobala yafika pa dambo, imamwa osadzutsa mutu mpaka mimba itadzaza. Batire la 100Ah lomwe latsala pang'ono kutha, mukalilumikiza ndi waya wonenepa litha kukoka 80A kapena 100A, ndipo silichepetsa mpaka litatsala pang'ono kudzaza. Ndiye pa njira iliyonse yomwe wina angakuuzeni, inu mufunseni chinthu chimodzi chabe, ndani akuletsa moto kuti usapitirire muyeso? Ngati yankho palibe ndiye kuti alternator yanu ndi yomwe ikusenza zonse.

Tiyambe ndi njira ya relay, ena amati solenoid, yomwe ambiri okonza za magetsi a motoka amaidziwa bwino chifukwa aigwiritsa ntchito zaka zambiri pa mabatire a asidi ndipo pamenepo imagwira bwinobwino. Mukayatsa injini relay imalumikiza batire lakutsogolo ndi lakumbuyo, mukazimitsa imawalekanitsa kuti filiji isamalize moto woyatsira injini. Ndi yotchipa, imapezeka mosavuta, kuika kwake ndi kwa masana amodzi. Vuto ndi loti relay ndi chitseko chabe, imatsegula n'kutseka koma siiwerenga kuti mwadutsa ma amp angati. Alternator ya ma Hiace ndi ma Caravan ambiri ili pakati pa 70A ndi 130A, ndipo nambala imeneyo imafikika injini ikuthamanga alternator isanatenthe, si moto woti izipereka kwa ola lathunthu ayi. Motoka yeniyeniyo usiku muli ndi malaiti, ekoni ndi ma fani itha kudya 30A mpaka 50A payokha. Muonjezerepo lithium yofuna 80A, masamu sakugwirizana.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi momwe timachitira kuno, munthu wafika pogona madzulo waona batire latsika, akuti ndiilize injini kwa ola limodzi itaima kuti idzaze. Apo ndi pomwe alternator imapsa. Alternator imadziziziritsa ndi fani yake yomwe imazungulira limodzi ndi injini, injini ikakhala pa idling fani ikuzungulira pang'ono, mphepo ya pamsewu palibe, koma lithium ikukokabe mmene ingathere. Kuno kumtunda ku Chipata mwina ipirira, koma tsikirani ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala komwe kutentha kumadutsa madigiri 40, mu Hiace yomwe injini yake ili pansi pa mpando, ma diode ndi mawaya a mkati mwa alternator amayamba kununkha. Siimafa tsiku limenelo nthawi zonse, imafooka pang'onopang'ono n'kudzakusiyani pa Manenekera usiku kapena pakati pa Jumbe ndi Mfuwe. Komanso amene muli ndi ma injini akale a dizilo a 3L ndi 5L mukudziwa kuti alternator yake ili ndi pampu ya mabuleki kumbuyo kwake, si yoti mungomasula pa motoka ina iliyonse n'kumangapo, muyenera kupeza ya mtundu womwewo.

Pali relay ina yotchedwa VSR, yomwe siidalira kiyi koma imaona mavolti yokha. Ambiri mwa ma VSR amalumikiza pakafika 13.3V n'kulekanitsa pakatsika kufika 12.8V, manambalawa anawaika poganizira batire la asidi. Lithium yodzaza ikangokhala osagwira ntchito imakhala cha pa 13.3V, ndiye mwazimitsa injini koma VSR ikuona ngati injini ikuliabe, siilekanitsa, mabatire awiri aja amagona olumikizana usiku wonse ndipo lakumbuyo likutsanulira moto kutsogolo. Kwa lithium, VSR wamba ine sindingailangize kwa munthu. Ngati ndi relay basi yomwe thumba likulola, bola ya kiyi, ndi switch yoti muzizimitsa nokha mukaima pa malo kapena muli m'mzere pa boda ya Mwami.

Ndisanene ngati aliyense woika relay alternator yake inapsa, alipo omwe akuyenda nazo. Mukafufuza mupeza kuti batire lawo ndi laling'ono, alternator ndi yaikulu, ndipo waya wautali wa mamita 5 kapena 6 ndi womwe ukuchepetsa moto osadziwa mwini wake. Kutereku ndi mwayi osati luso, kaili waya womwe ukuletsa moto umatentha, ndipo mukadzagula batire lachiwiri kuti akhale 200Ah zonse zimasintha. Musadalirenso BMS, kabodi ka mkati mwa batire kaja, ntchito yake ndi kuteteza batire osati alternator, ma BMS ambiri a 100Ah amalola mpaka 100A asanadule, pofika pamenepo alternator yanu yavutika kale.

Musanagule chilichonse tengani mita muone mtundu wa alternator yomwe muli nayo, makamaka ngati motoka ndi yaposachedwa yochokera ku Japan kapena ku UK. Motoka zambiri zatsopano zili ndi alternator yoyendetsedwa ndi kompyuta pofuna kusunga mafuta, batire lakutsogolo likadzaza kompyuta imatsitsa mavolti mpaka cha pa 12.5V kapena kutsikirapo, mukachotsa phazi pa mafuta potsetsereka imakweza mpaka cha pa 15V. Yang'anani pa negetivu ya batire, ngati pali kabokosi kakang'ono kokhala ndi timawaya ndiye chizindikiro choyamba. Kenako ikani mita pa batire muyende mphindi 15, alternator yakale imakhala pakati pa 13.8V ndi 14.4V osasuntha kwenikweni, yatsopanoyi mudzaona manambala akukwera ndi kutsika. Pa motoka yotere relay ndi kutaya ndalama, pa 12.5V lithium siilandira kanthu, m'malo mwake ndi yomwe imabweza moto kutsogolo.

Apa ndipo pabwera tchaja ya DC-DC, yomwe kwa ine ndi njira yoyenera kwa anthu ambiri. Kabokosi aka kamakhala pakati pa mabatire awiriwo, kamatenga moto uliwonse womwe ukuchokera kutsogolo, kaya 12.5V kaya 14.8V, n'kuusandutsa mavolti omwe lithium imafuna, cha pa 14.2V mpaka 14.6V, ndipo chachikulu kamakhala ndi malire ake. Ka 30A kapereka 30A basi ngakhale batire litafuna zochuluka bwanji. Alternator imadziwa katundu wake, mavolti otayika mu waya wautali amabwezeretsedwa, batire limadzaza mpaka pamwamba kuti ma cell a mkati alingane, ndipo mukazimitsa injini kamasiya kukoka. Mitundu yodziwika ndi Victron ya ku Netherlands yomwe ili ndi Orion-Tr Smart ya 18A ndi 30A komanso Orion XS ya 50A, Redarc ya ku Australia ya 25A ndi 40A, CTEK D250SE ya ku Sweden ya 20A, ndi Renogy ya 30A ndi 50A yomwe nthawi zambiri mtengo wake umakhala wotsikirapo. Kudula ndiye imadula, zoona, nthawi zina mtengo wake umayandikira wa batire lenilenilo ndipo mwina mukaitanitsa ku Lusaka kapena ku South Africa, koma muyerekeze ndi alternator ina kuphatikiza ndalama yokokera motoka kuchokera ku chigwa.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa kukula kwake. Mtima umafuna ya 50A kuti batire lidzaze msanga, koma kukula kwa tchaja kumatengera alternator osati batire. Ndipo kumbukirani kuti nambala yolembedwa pa bokosi ndi ya moto wotuluka, wolowa umaposa pamenepo, ya 30A imatha kukoka 35A mpaka 40A kutsogolo, makamaka mavolti akatsika. Mmene ine ndimaonera, pa alternator ya 70A kapena 80A musadutse 20A, pa ya 100A ikani 30A, ya 50A isiyireni omwe ali ndi 150A kupita m'mwamba. Batire nalo lili ndi malire ake, opanga ambiri amati pa 100Ah musadutse 50A, onani pepala lomwe linabwera nalo. Ubwino wa Orion XS ndi woti ma amp mumatsitsa nokha pa foni, ndiye mutha kuigula n'kuiika pa 25A lero, mukadzasintha motoka n'kukweza. Siitenthanso ngati Orion-Tr yakale ija, yomwe imatentha mpaka kuopa kuigwira ndipo ikatentha kwambiri imachepetsa moto yokha, imeneyo imafuna malo odutsa mphepo, osati kuibisa pansi pa matiresi.

Tiwerengere ndi misewu yathu yomwe kuti muone ngati 20A kapena 30A ikukwanirani. Kuchoka pa Chipata kufika ku Mfuwe ndi maola ngati 2, ya 30A ikupatsani 60Ah, ya 20A ikupatsani 40Ah. Batire la 100Ah lomwe latsala ndi 20 pa 100 likufuna 80Ah, ndiye maola osakwana 3 pa 30A, maola 4 pa 20A, pa 30A ulendo wa ku Lundazi kapena ku Petauke wakwanira pamenepo. Wa ku Lusaka pa msewu wa Great East, makilomita oposa 550, ngakhale la 200Ah lidzaza pa 30A musanafike. Kafiliji ka malita 40 kapena 50 kukatentha katha kudya 40Ah pa tsiku kapena kuposerapo, muonjezere malaiti ndi mafoni, ndiye kuti woyenda maola 2 tsiku lililonse ya 30A ikubwezera zomwe wadya. Aja opita ndi alendo mu paki m'mawa ndi madzulo, poti mumayenda pang'onopang'ono n'kumaimaima, inu makamaka ndi omwe muyenera tchaja yaying'ono, maola muli nawo ambiri koma injini siithamanga.

Koma amene mumakaima malo amodzi masiku atatu anayi, monga ogula mbewu kapena opita ku Kulamba ku Mkaika ndi ku Nc'wala ku Mtenguleni, alternator payokha siingakuthandizeni, pamafunika sola pa denga. Apa pali kusankha kwina, kugula DC-DC yomwe ili ndi polowera sola mkati mwake monga Redarc, CTEK ndi Renogy, kapena kugula DC-DC payokha ndi MPPT, tchaja ya sola, payokha. Ya bokosi limodzi imachepetsa mawaya ndi malo. Chenjezo langa ndi ili, zambiri za bokosi limodzi zimalandira sola ya mavolti ochepa, ina malire ake 23V, ina 25V, ina 32V, pomwe mapanelo akuluakulu a pa nyumba omwe adzaza m'mashopu, aja a 400W ndi 550W, amatulutsa pakati pa 37V ndi 50V. Mukalumikiza limenelo mwina ikana kugwira mwina ipsa. Ngati panelo muli nalo kale la pa nyumba, gulani MPPT payokha, ndipo china chikafa chinzake chimatsala chikugwira.

Njira ina ndi ya amene anagula kale ma power station, mabokosi onyamulika aja okhala ndi batire mkati, nthawi yomwe malaiti ankapitapita, EcoFlow, Bluetti ndi ena otero. Kulumikiza pa soketi ya ndudu ndi kosavuta ndipo alternator siimva n'komwe, koma soketi imeneyo fiyuzi yake ndi 10A kapena 15A, ndipo ma power station ambiri amakokapo cha pa 100W basi. Ya 1000Wh ifuna maola 10, mufika ku Lusaka isanadzaze. Ya mafoni, laputopu ndi kamera ili bwino, ya filiji ndi yochepa, komanso pa msewu wa mabampu pulagi imasuntha n'kumatentha mpaka kusungunula pulasitiki. EcoFlow ili ndi tchaja yake ya alternator ya 800W, imeneyo ndi DC-DC ndithu koma 800W pa motoka ya 12V ndi ma amp opitirira 60, ndiye pa alternator yaying'ono itsitseni pa foni musanayambe ulendo.

Ena amachita zoika inveta pa batire lakutsogolo, n'kulumikizako tchaja ya m'nyumba ya lithium ya 20A, n'kumatchaja lakumbuyo. Njirayi siyoipa monga ena amainyozera, chifukwa malire alipo, tchaja ija ndi yomwe ikuletsa, ndipo ngati zonse ziwiri muli nazo kale simugula kanthu kupatula waya ndi fiyuzi. Kuipa kwake moto umasinthidwa kawiri, kuchoka 12V kupita 230V n'kubwereranso, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limathera mu kutentha. Mwayendetsanso 230V m'motoka yachitsulo yogwedezeka, ndipo tsiku lomwe mudzaiwale kuzimitsa inveta mutazimitsa injini m'mawa motoka siidzalira. Yongodikirira ndalama ya DC-DC ili bwino, bola inveta iziyaka ndi kiyi kudzera pa relay.

Za kuika alternator yaikulu kapena yachiwiri yokhala ndi regulator yapadera yoona kutentha, izo ndi za omwe ali ndi mabatire a 400Ah kupita m'mwamba ofuna kuyendetsa ekoni ndi sitovu. Ndi ntchito ya mabulaketi, mapule ndi malamba, kwa Hiace ya filiji imodzi sizikufunika. Ndipo alternator yaikulu siichotsa kufunika kwa malire, imangokupatsani mpata woika DC-DC yaikulu.

Amene mukusandutsa Rosa, Coaster kapena Canter, motoka zanu zambiri ndi za 24V, mabatire awiri a 12V olumikizidwa pamodzi. Musatenge moto pa batire limodzi mwa awiriwo ati poti ndi 12V, mumapha onse awiri chifukwa limodzi limatsika linzake n'kumadzazidwa mopitirira. Pamenepo relay siigwira n'komwe, mufunika DC-DC yolembedwa 24/12, kapena kumbuyo konse kukhale kwa 24V n'kugula ya 24/24.

Kaya mwasankha iti, ntchito imaonongekera pa mawaya. Pa DC-DC ya 30A yomwe ili mamita 4 kapena 5 kuchokera kutsogolo ikani waya wa 16mm², pa 50A kwerani pa 25mm², ndipo akhale wa kopa weniweni. Pali waya wina wotchipa wa ma amplifaya womwe kunja ndi wonenepa koma mkati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, palani ndi mpeni, mukaona zoyera mkati usiyeni. Fiyuzi zikhale ziwiri, ina pafupi ndi batire lakutsogolo ina pafupi ndi lakumbuyo, chifukwa waya ameneyo ali ndi moto mbali zonse ndipo akakhudza bodi lithium imatulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi, pa tchaja ya 30A a Victron amalangiza fiyuzi ya 60A. Podutsa pa chitsulo ikani labala, mabampu a msewu wa Msoro kapena wa Chama amadya waya mwakachetechete. Pa motoka ya alternator ya kompyuta negetivu ya tchaja imangidwe pa bodi osati pa mutu wa batire, kuti kabokosi ka pa negetivu ya batire kaja kaziona moto womwe ukutuluka, ndipo tchaja ipatsidwe waya wa kiyi kapena isinthidwe manambala kuti isamazime mavolti akatsika.

Tchaja ikhale pafupi ndi batire lakumbuyo osati lakutsogolo. Lithium isaikidwe mu boneti kapena pamwamba pa injini, ambiri salola kutchajidwa kukadutsa madigiri 45 kapena 50, za kuzizira kwa pansi pa 0 zomwe amachenjeza m'mabuku ake kuno si vuto lathu, lathu ndi kutentha. Mukagula DC-DC yogwiritsidwa kale ntchito onetsetsani kuti ili ndi posankha lithium, zakale zina zili ndi za mabatire a asidi basi.

Amakanika akamaliza kumanga musangolipira n'kunyamuka. Batire lakumbuyo likhale lotsika, ilizeni injini, yatsani malaiti ndi ekoni, apime ndi clamp mita moto wotuluka pa alternator ndi mavolti a batire lakutsogolo. Pa alternator yakale, ngati pa idling mavolti akutsika pansi pa 13V n'kumapitirira kutsika ndiye kuti tchaja yakula kuposa alternator, itsitseni kapena musamaigwiritse ntchito motoka itaima. Pakatha mphindi 20 gwirani mawaya ndi pa mafiyuzi, pofunda pang'ono palibe vuto, pomwe pakuotcha chala ndiye kuti pamangidwa mofooka kapena waya wachepa, akonze pomwepo musanatuluke pa garaji.